Kompuresa Imayesedwa ndi Mpweya Wake, Osati ndi Mimba Yake

Chiyambire pamene galimoto zogwirapo kale ntchito za ku Japan zinayamba kulowa m'dziko muno kudzera pa madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban, kufikira lero lino pamene mphunzitsi, namwino ngakhale wogulitsa kaunjika atha kuimika Corolla kapena Vitz yakeyake pakhomo, pabadwa mtundu wina wa mwini galimoto umene makolo athu sanaudziwe, ndiye munthu amene anakwanitsa kugula galimoto koma mtengo wa amisiri umamulemera. Munthu wotere, poona kuti dzuwa la mu Okutobala lasulutsa utoto wa padenga, penti ya pa boneti yayamba kusupuka, ndipo dzimbiri latulukira m'munsi mwa zitseko, amakhala pansi nalingalira kuti ntchito yopopera penti angathe kuigwira yekha pabwalo pake. Ine maganizo amenewa sindiwanyoza ayi, pakuti wofuna kuphunzira luso ndi manja ake ndi kudya za thukuta lake ayenera kulimbikitsidwa. Koma ndili nawo mawu kwa iye asanamasule chikwama, popeza ntchito zambiri zotere zimakhala zitaonongeka kale penti isanatsegulidwe n'komwe, tsiku lija munthu anagula kompuresa.

Taonani mmene kugulako kumayendera. Munthu alowa m'sitolo ya zitsulo ku Limbe kapena mu msewu wa Malangalanga ku Lilongwe, napeza makina ofiira ndi achikasu ali ndandanda, kunyezimira, ndipo maso ake agwera pa manambala atatu olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: kukula kwa thanki, malita 24 kapena 50, mphamvu ya mota, 2 HP kapena 2.5 HP, ndi puresha, 8 bar. Wogulitsa, amene mwina sanagwirepo mfuti yopopera penti chibadwire, amutsimikizira kuti makinawa ndi amphamvu zedi, atha kupenta ngakhale basi, ndipo wogula atuluka mokondwa atasenza katundu wake. Chikomekome cha mkuyu, anatero akuluakulu, m'kati muli nyerere. Mwa manambala atatu aja palibe ngakhale imodzi imene iyankha funso limene wopenta galimoto ayenera kufunsa, ndilo lakuti makinawa atulutsa malita angati a mpweya pa mphindi iliyonse, osalekeza, kuyambira pamene wayamba denga kufikira pamene wamaliza bampala.

Kuti kulemera kwa funsoli kumveke, tiyenera kuyamba taona mfutiyo, pakuti ndiyo imene kompuresa itumikira. Chida chimenechi chinabadwira kutali ndi magalaja. Dr. Allen DeVilbiss wa ku Toledo, ku Ohio, anapanga mu 1888 kachipangizo kopopera mankhwala kukhosi kwa odwala, ndipo mwana wake Thomas anakasandutsa mfuti yopopera utoto mu 1907. Kenaka, pamene kampani ya General Motors inapopera galimoto zake za Oakland za 1924 ndi penti youma msanga ya Duco, ntchito imene inkadya masabata ndi burashi inayamba kutha m'masiku owerengeka. Kuyambira nthawi imeneyo kachitidwe kake sikanasinthe: mpweya wotuluka pakamwa pa mfuti uswa penti kukhala timadontho tating'onoting'ono, nutiyala pa chitsulo mofanana. Mpweya ukachepa timadonthoto timakula, penti igwa yokhakhala, ndipo palibe luso la dzanja limene lingabise chilema chimenecho.

Mfuti zimene zafala masiku ano, zolembedwa HVLP, zinapangidwa kuti zisataye penti yambiri m'malere, ndipo zimatero pogwira ntchito ndi puresha yochepa, pafupifupi 2 bar pa chigwiriro, koma ndi mpweya wochuluka kwabasi, kawirikawiri malita 300 mpaka 450 pa mphindi. Chomwecho puresha ya 8 bar imene wogulitsa anyadira iwirikiza kanayi imene mfuti ifuna, pamene mpweya umene mfutiyo ikuulirira palibe amene wautchula. Ziliponso mfuti zina, zolembedwa LVLP, zambiri mwa izo zokhutira ndi malita apakati pa 120 ndi 200, ngakhale kuti zimayala penti pa malo opapatiza ndipo zimafuna dzanja lodekha. Mabokosi ena amalemba mpweya mu CFM, ndipo CFM imodzi ndi malita 28 pa mphindi. Nchifukwa chake ndikunenetsa kuti mfuti ndiyo iyenera kusankhidwa poyamba, nambala yake ya mpweya ilembedwe papepala, ndipo pepalalo ndilo lipite ndi munthu kusitolo ya makompuresa.

Koma ngakhale iye amene waphunzira kufunsa za malita pa mphindi sanapulumuke, pakuti kutsogoloku kuli msampha wina wobisika koposa woyamba. Opanga makina ali ndi manambala awiri. Yoyamba ndi ya mpweya umene pisitoni ikadakankha pakadapanda kutayika kalikonse, ndipo ipezeka pongowerengera papepala kukula kwa silinda ndi liwiro lake. Yachiwiri, yolembedwa FAD, ndi ya mpweya umene utulukadi ku paipi, titachotsa umene wathawira pa mavalavu, umene watsalira m'mutu mwa silinda, ndi umene wachepa chifukwa cha kutentha. Yachiwiriyi imakhala pafupifupi magawo awiri mwa atatu a yoyamba, ndipo ndi yoyamba ija, yonenepa, imene imalembedwa pa bokosi. Kompuresa ya 2 HP yolembedwa malita 200 pa mphindi itha kupereka 120 kapena 130 okha. Pali muyeso wapafupi umene wogula aliyense angausunge m'mutu: HP imodzi yeniyeni, ndiyo mawati 746, sipereka mpweya wopitirira malita 100 kapena 110 pa mphindi pa makina a pisitoni, kotero kuti amene akulonjezani malita 400 kuchokera ku mota ya 2 HP akukunamizani, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Ndipo ife a kuno tili ndi msonkho wina umene dziko lathu lokwera litikhometsa, pakuti manambala onsewa anayesedwa pa mpweya wa m'mbali mwa nyanja zamchere, pamene Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, kumene mpweya wapepuka ndi gawo limodzi mwa khumi. Ku Mzuzu ndi ku Dedza wapepuka koposa.

Apa wina adzati, nanga ntchito ya thanki n'chiyani, ndikagula ya mimba yaikulu kodi sindithana nalo vutoli? Thanki ndi nkhokwe, pampu ndiye munda. Ndipo banja limene munda wake subala zokwanira pakamwa pa ana ake, likamanga nkhokwe yaikulu lingoichedwetsa njala, osaithetsa. Tiyeni tiwerengere poyera. Thanki ya malita 50 yodzaza pa 8 bar, ikatsika kufika pa 3 bar pamene mfuti iyamba kufooka, yapereka malita 250 a mpweya. Ngati mfuti idya 350 pa mphindi ndipo pampu ibwezera 130, paperewera 220 mphindi iliyonse, ndipo nkhokwe ija itha m'mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Mukaika pampu yomweyo pa thanki ya malita 200 mupopera mphindi zinayi ndi theka, kenaka mudikira pafupifupi mphindi zisanu ndi zitatu kuti idzazenso. Komatu kuzungulira galimoto yaing'ono kamodzi kokha kumafuna mphindi khumi kapena kuposerapo, ndipo galimoto izunguliridwa kangapo.

Zotsatira zake ndaziona ndi maso anga m'mabwalo a m'makomboni, ndipo n'zomvetsa chisoni. Mnyamata ayamba denga bwinobwino, penti ikugwa yosalala ndi yonyowa. Asanafike pakati, kamuvi ka geji kayamba kutsika, mota ibuula osapuma, ndipo mfuti imene inkayala penti kutalika kwa chikhatho chotambasula iyamba kulavula timibulu. Iye, posafuna kuleka, achepetsa liwiro la dzanja, ndipo penti iunjikana niyenderera m'mbali mwa chitseko. Akaima kuti adikire mpweya, m'mphepete mwa pamene wapopera kale muyamba kuuma, makamaka m'nyengo yotentha, ndipo pobwerera asiya mzere pakati pa denga umene udzaonekera kwa aliyense woyang'ana galimotoyo padzuwa. Penti yogula ndi ndalama za mwezi wathunthu yatayika, ndipo chotsala ndi kudikira iume, kuipala ndi sandipepala, ndi kuyambiranso. Mnyamatayo adzadziimba mlandu kuti alibe luso, chikhalirecho wolakwa ndi makina.

Kodi tsono munthu agule yaikulu kufikira pati? Malire ake aikidwa ndi magetsi a m'nyumba. Magetsi amene ESCOM ifikitsa m'makomo mwathu ndi a 230 V, ndipo pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi ya 13 amp, imene siloleza zopitirira mawati pafupifupi 3,000. Mota ya 3 HP ndiyo yomaliza imene pulagi yotere ingapirire, ndipo ngakhale iyo, popeza podzuka imakoka magetsi owirikiza kangapo, ndi bwino mmisiri wa magetsi aikokere nthambo yakeyake kuchokera pa bokosi la magetsi. Kupyola apo ndi makina a magetsi a mafakitale, amene nyumba wamba ilibe. Kompuresa ya 3 HP yoyendera lamba, ya thanki ya malita 100 mpaka 200, ipereka pakati pa malita 250 ndi 300 pa mphindi, ndipo ndiyo ndiiyesa yoyenera munthu wofunadi kupenta galimoto yathunthu pakhomo, makamaka akaikwatitsa ndi mfuti ya LVLP kapena ina yosadya mpweya wambiri. Lamba ali ndi phindu lake. Pa makina aang'ono pampu imangiriridwa pa mota penipeni, nithamanga nayo maulendo pafupifupi 2,850 pa mphindi, motero itentha msanga, isokosa, ndipo sikhalitsa; pamene ya lamba iyenda pa liwiro losakwana theka la limenelo, nitulutsa mpweya wozizirirapo. Nthambo yaitali yopyapyala yoonjezera imafooketsa magetsi ndi kupsereza mota, choncho ngati pali mtunda, talikitsani paipi ya mpweya, nthambo ikhale yaifupi. Ndipo amene adalira jenereta pa masiku a kuzima kwa magetsi adziwe kuti kajenereta koyatsira mababu ndi wailesi yakanema sikangadzutse mota yotere.

Paipi nayonso imaba mpweya mwakachetechete. Ya mamilimita 6 m'kati mwake ndi yopopera matayala. Wopenta afuna ya 8, kapena ya 10 ngati mfuti ili ya HVLP, ndi kageji pa chigwiriro cha mfuti, puresha ichunidwe chala chitakoka kale chowombera.

Pali mdani wina amene ambiri samuganizira mpaka atamuona pa boneti, ndiye madzi. Mpweya uliwonse uli ndi chinyezi, ndipo ukapanikizidwa nuzizira m'thanki, chinyezicho chisanduka madzi. Amene anatsegulapo kampopi ka pansi pa thanki ya kompuresa imene yatha mwezi osakhetsedwa akudziwa chimene chimatuluka: madzi ofiirira a dzimbiri, osakanizika ndi oyilo, olavuka ndi mkokomo mpaka kudetsa simenti. Madzi amenewo akakwera m'paipi nafika pa mfuti, penti idzatupa matuza patapita masabata, ndipo kadontho ka oyilo kasiya timaenje tozungulira pamene penti yakana kumata. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiponso m'madera a kunyanja monga Salima, Nkhotakota ndi Mangochi, vutoli limakula. Ndipo a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje asapusitsidwe ndi kuzizira kwa Juni ndi Julayi, pakuti tsiku la chiperoni si tsiku lopopera penti. Thanki ikhetsedwe tsiku lililonse la ntchito. Sefa yotchera madzi isaikidwe pakamwa penipeni pa kompuresa, pamene mpweya ukadali wotentha ndipo chinyezi chidutsa ngati nthunzi osagwidwa. Iikidwe patali mamita asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, mpweya utayamba wazizira m'paipi, makamaka yachitsulo, ndipo kasefa kena kakang'ono kakhale pa mfuti penipeni. Kompuresa yaing'ono yothamanga osapuma imatentha kwambiri, motero imatumiza madzi ambiri. Kuchepa kwake kukulangani kawiri.

Sindikunena kuti kompuresa ya malita 50 ndi yachabe. Yopopera matayala, youluzira fumbi, yopentera geti, bampala kapena chitseko chimodzi ndi mfuti ya LVLP, ikwanira ndithu. Ndipo munthu wodekha, wokonzeka kupenta boneti lero ndi zitseko mawa, atha kufika nayo patali ngati penti yake ili ya mtundu umodzi wosanyezimira timchenga, pakuti penti ya siliva ndi zinzake zimaulula msanga kusiyana kwa dzulo ndi lero. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene ndikukana ndi kuigula ndi chiyembekezo chakuti idzapenta galimoto yathunthu ulendo umodzi ndi mfuti ya HVLP.

Popeza yatsopano ya 3 HP ndi yokwera mtengo, ambiri adzatembenukira ku zogwirapo kale ntchito, kapena ku zija amisiri athu amalumikiza okha kuchokera ku pampu ya lole, mota yakale ndi thanki yotoledwa. Nzeru za amisiri amenewa ndimazilemekeza, ndipo makina ena otere atumikira okonza matayala m'misewu yathu zaka zambiri. Koma thanki imadyedwa ndi dzimbiri kuchokera m'kati, kumene diso silifika, ndipo thanki yodzaza mpweya ikaphulika zidutswa zake zimapha. Yooneka kuti inaotchereredwapo pansi, yodontha pa msoko, kapena yopanda valavu yotulutsa mpweya puresha ikapitirira muyeso, muisiye ngakhale mwini wake akutsitsireni mtengo kufika pa theka.

Tsopano ndifike pa nkhani imene indilemera mumtima koposa zonse, pakuti galimoto yoonongeka ipentedwanso koma mapapo sagulidwa m'sitolo. Penti imene ambiri aikonda lero ndi ya 2K, yosakaniza ndi hadena, chifukwa imawala ndipo imapirira dzuwa. M'hadenamo muli mankhwala otchedwa isocyanate, amene ku Britain bungwe loona za chitetezo cha anthu pa ntchito, la Health and Safety Executive, liwawerengera pakati pa zoyambitsa zazikulu za mphumu ya kuntchito, ndipo lilamula kuti wopopera penti yotere avale chophimba nkhope cholandira mpweya woyera kudzera m'paipi. Nkhungu yake yambiri sioneka ndi maso, imatsalira m'chipinda wopopera ataleka kale, ndipo thupi likangodana nayo, ngakhale kochepa chabe kamautsa chifuwa, kawirikawiri mpaka moyo wonse. Kansalu komanga pamphuno kapena kamasiki ka pepala sizitchinga kanthu. Chophimba nkhope chija nachonso chimadya mpweya wa kompuresa, malita ena opitirira 150 pa mphindi, odutsa m'masefa apadera, ndipo kompuresa ya pakhomo singadyetse chophimbacho ndi mfuti nthawi imodzi.

Ndipo wopoperayo sapuma yekha. Ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi, kumene khomo la uyu liyang'anizana ndi zenera la uyo, nkhungu youluka pabwalo panu itera pa zovala zoyanikidwa za mnansi wanu, pa ndiwo zake, ndi m'chifuwa cha khanda lake logona kuseri kwa mpanda wa udzu, limene silinafunsidwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chiweruzo changa n'chakuti penti ya 2K isapoperedwe pabwalo la nyumba yokhalamo anthu, kompuresa ikule chotani. Wofuna kupenta pakhomo asankhe penti yosafuna hadena, avale masiki ya makatiriji otchinga nthunzi ya thinala, aike kompuresa kutali ndi nkhungu chifukwa mota imathetheka moto, ndipo mbaula ndi fodya zisayandikire. Wofuna kuwala kwa 2K agwire pakhomo ntchito yaikulu imene imadya masiku, ndiyo kuwongola, kumata ndi kupala, kenaka apereke galimoto kwa amisiri okhala ndi chipinda chopoperamo ndi zida zake. Adzakhala atapulumutsa ndalama zambiri, ndipo mwina adzapeza kuti kompuresa yaikulu sanaifune n'komwe. Amene adzapenta galimoto imodzi yokha pa zaka zisanu ayambe wawerengera mtengo wa kompuresa, mfuti, paipi, masefa ndi nthambo, aufanizire ndi wa mmisiri, asanayale maziko a nyumba imene sadzaimaliza. Asachitenso manyazi kupita ku Biwi kapena ku Ndirande kukacheza ndi akuluakulu amene agwira mfuti zaka makumi, ndi kuwafunsa makina amene amagwiritsa ntchito, pakuti safunsa anadya phula.

Kwa eni masitolo pempho langa ndi limodzi, lakuti alembe nambala ya FAD pa makina aliwonse amene agulitsa, pambali pa mtengo, ndi kuphunzitsa anyamata awo tanthauzo lake. Ndipo a Malawi Bureau of Standards pamodzi ndi a Competition and Fair Trading Commission, amene udindo wawo ndi kuteteza wogula ku malonda osocheretsa, angachite bwino kuyang'anako. Koma wogula asadikire zimenezo, popeza choonadi atha kuchipeza yekha ndi wotchi ya pafoni yake. Pemphani kuti makinawo ayatsidwe muli pomwepo, mutulutse mpweya kufikira geji itsike pa 6 bar, ndipo muwerenge nthawi imene atenge kuti akwere pa 8 bar. Kukwera kumeneko pa thanki ya malita 50 ndi malita 100 a mpweya, pa ya malita 100 ndi 200. Mukagawa ndi mphindi zimene zapita, mwapeza mpweya weniweni wa makinawo. Thanki ya malita 50 ikatenga masekondi 45, mwapeza malita pafupifupi 130 pa mphindi. Fanizirani nambala imeneyo ndi ija ya mfuti yanu imene munalemba papepala, ndipo ikachepa, kapena wogulitsa akakana kuyatsa makinawo, bwererani ndi ndalama zanu.